Kamtsikana ka Pambali pa Bokosi

Mdima utagwa, Araba anapita kukashopu ka Ekow mu Takoradi kukatenga tepi yakale ya maliro a mayi ake, imene Ekow ankaisamutsira pafulashi motchipa.

"Achemwali, tabwerani muone kaye," anatero Ekow, wopanda nthabwala zake za masiku onse.

Pakanema, anthu ovala zofiira ndi zakuda ankavina mozungulira bokosi. Pambali pake panaima kamtsikana, chala chili kukamwa. Anali Efua, mwana wake, amene anamusiya kunyumba ndi bambo ake akutentha thupi.

"Komatu malirowa anachitika ndisanakwatiwe n'komwe," ananong'ona Araba.

Anaimbira foni mwamuna wake. Foni inangoitana osayankhidwa. Pakanema paja kamtsikanako kanatembenuka, ngati kamva foni ikulira.