Oyilo wa Njinga ya Mayi a Mwana

"Makaniko uja asadzagwirenso njinga yakoyi," anatero mwamunayo, ali chogona pansi pa njinga yamoto ya mkazi wake. "Kumwetulirana konse kuja n'kwa oyilo basi? Ndisintha ndekha."

Atakhetsera m'beseni oyilo wakuda wa mugiya, anamanga bawuti mwaukali mpaka inathyokera momwemo.

"Bambo a mwana, ndichedwatu kuntchito," anatero mkaziyo, uku akuimba foni.

Posakhalitsa makaniko anatulukira pa njinga yake. Anasuzumira pansi n'kupukusa mutu.

"Iyi yokha itenga sabata, achimwene. Koma musadandaule, alamuwa ndiziwatenga ndine m'mawa uliwonse."

Mwamunayo anangoima pageti, manja ali bii, akuonerera mkazi wake akukhota pakona atagwira makaniko m'chiuno.