TV Yaikulu ndi Tsitsi la Apongozi

Panali mkulu wina wometa anthu tsitsi, ndipo amene amamudziwa akulumbira kuti izi zinachitikadi. Shopu yake inali kachipinda kopapatiza: mpando umodzi wometerapo, kalilore, ndi benchi la anthu asanu. Dzanja lake linali labwino, koma makasitomala ankadandaula kuti kudikira pamzere kumatopetsa. Ndiye anaganiza zogula TV ya LCD, zopyapyala zopachika pakhoma zija.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ankakonza ma TV. Atamva, anamulangiza.

"Alamu, ma LCD ena amaoneka bwino ukaima kutsogolo kwenikweni basi. Akakuyatsirani musangoima malo amodzi. Muione cham'mbali, munjute muione chapansi. Kapena dikirani Loweruka tipitire limodzi."

"Ine ndimalinganiza ndevu za anthu ndi maso omwewa," anayankha wometa. "Kuona TV kokha ndichite kutenga mphunzitsi?"

M'mawa mwake anapita yekha. Asanafike kumasitolo akuluakulu, bambo wina wa tayi yofiira anamukodola n'kumulowetsa m'kachipinda kodzaza makatoni, kanjira kake kokwana munthu mmodzi. Kumapeto kwake kunali chi TV chachikulu ngati chitseko, chikuonetsa nsomba zamitundumitundu zikusambira.

"Imani pomwepo, bwana. Mwaona? Nsomba iyo mukhoza kuiwedza."

Wometa anakumbukira mawu a mlamu wake, nayesa kusendera kumanzere. Wogulitsa anamugwira mapewa n'kumubweza pakati.

"Samalani makatoni, bwana, muli magalasi. Komanso munthu wa maso akuthwa ngati inu safunika kuzungulirazungulira."

Mawu amenewo anamukoma wometa. Anagula osafunsanso kanthu.

Kushopu, malo okwana chi TV chija anali amodzi okha, pamwamba cha pambali pa kalilore. Atayatsa mpira, okhala pabenchi anayamba kutsinzinira.

"Achimwene, akusewera magetsi atazima kapena?"

Ukaonera pabenchi, udzu wa pabwalo unkaoneka wakuda, osewera ngati mizukwa. Ukakhala pampando wometerapo, zinkaposa pamenepo. Malo okha oonera bwino anali pakhomo, utaimirira. Anthu anasiya benchi n'kumaunjikana pakhomopo, moti kasitomala ankachita kupempha njira. Wometa anathamangira kwa wogulitsa uja, koma anapeza loko wamkulu pachitseko, oyandikana nawo akuti sakumudziwa.

Mkazi wake anati, "Bambo a kunyumba, ichotseni musanachite nayo ngozi. Anthu akumapotoza makosi inu muli ndi makina ometera m'manja."

"Ndiichotse kuti achimwene ako andiseke? Maso a anthu azolowera."

Patapita milungu iwiri, linafika tsiku la ukwati wa mng'ono wake wa mkaziyo. M'mamawa, apongozi ake a wometa, bambo a mkwatibwi, anatulukira pashopu. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, koma tsitsi lili gwa, la imvi zokongola, ndipo ankalinyadira kuposa ana awo.

"Akamwini, mungolinganiza m'mbalimu. Pamwambapa musakhudzepo."

Pa TV panali masewera ogwetsana, omwe apongoziwo ankawakonda koopsa. Pampando paja sankaona bwino, choncho anayamba kupendeketsa mutu pang'onopang'ono kufunafuna chithunzi. Akanakhala kasitomala wamba, wometa akanangomugwira chibwano n'kumuwongola. Koma mutu wa apongozi ungaugwire bwanji?

"Bambo, mukanawongoka pang'ono."

"Ndawongoka kale. Kodi wagwa uja ndi uti?"

Nthawi yomweyo oonera pakhomo anakuwa, "Wamunyamula! Wamunyamula!" Apongozi anadzambatuka kuti aone nawo, mutu n'kukumana ndi makina. Zyuu! Msewu woyera kuchokera pakhutu mpaka paliwombo.

Apongozi anayang'ana pakalilore nthawi yaitali.

"Akamwini, ichi n'chiyani?"

"Bambo, ndi... ndi sitayilo yatsopano."

"Sitayilo? Ine ndikuperekeza mwana wanga kutsogolo kwa tchalitchi pa teni koloko."

Wometa anayesa kulinganiza mbali inayo, misewu n'kukhala iwiri. Pamapeto pake panalibenso chochita koma mpala. Mutu umene sunaonepo dzuwa zaka makumi asanu unatuluka uli mbuu, uli ndi mabampu awiri omwe ngakhale akazi awo sankawadziwa.

Kutchalitchi apongozi anakhala atagwira chipewa pachifuwa, thukuta likunyezimira pamutu. Mdzukulu wawo atawaona analira, kuwayesa mlendo. Wometa anabisala kumbuyo kwa kwaya, ndipo kuholo anasankha tebulo la pafupi ndi khomo. Anayamba kupuma bwino ataona kuti mwambo ukutha popanda womutchula.

Kenaka apongozi anapatsidwa maikolofoni kuti athokoze alendo. Anathokoza abusa, ophika ndi akuchimuna. Atatero anayang'ana kukhomo kuja.

"Pomaliza, mkamwini wanga woyamba aimirire anthu amuone."

Wometa anaimirira. Apongozi anavula chipewa, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti holo yonse ione bwino.

"Ameneyo ndi wometa. Ntchito yake ndi imeneyi. Ine ndinangopempha kuti alinganize m'mbali. Amene mukufuna, amatsegula seveni koloko."

Phunziro: Pogula TV musatengeke ndi kukula kwake kapena pakamwa pa wogulitsa. Ioneni kutsogolo, m'mbali ndi chapansi, ndipo wokuletsani kusuntha dziwani kuti pali chimene akubisa. Wodziwa ntchito akati tipitire limodzi, dikirani Lowerukalo. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu, makamaka amene amagwira mitu ya anthu.