Mphesa za mu Juni

Mafoni anali asanadzaze, choncho Lufina anakhala pakhonde la golosale ya Kareem, atatambalala, thumba la chimanga chopita kuchigayo lili pambali. Kumudzi kulibe magetsi. Loweruka lililonse ankabwera pa Sharpevale kudzatchajitsa mafoni atatu: yake yamabatani, ya mwana wake Tikondwe, ndi ina yosweka galasi, yokulunga mumpango, imene ankati ndi ya mnansi.

Mwera unkawomba fumbi. Lufina ankangoyang'ana msewu.

Tikondwe anali kukauntala, foni yake ikadali pachingwe, akuwonetsa Kareem chithunzi. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti ayambe mayeso a Folomu 4, ndipo mwanayu anali wa mtima wosalimba. Chaka chimene anamwalira agogo ake, iye anakhala m'chipinda cha mayeso osalemba kanthu, mpaka anabwereza kalasi. Tsopano chimene chinkamulimbitsa anali mauthenga a bambo ake, a Julius, amene anapita ku Kepi, ku South Africa, zaka zitatu zapitazo kukagwira ntchito m'minda ya mpesa. Lachiwiri lililonse uthenga unkafika, ndipo iye ankawerenga mabuku mpaka maso kufiira.

"Onani, ankolo. Ababa atumiza ichi sabata ino. Akuti akukolola, ndipo alendo odzaona minda adzaza, akulawa vinyo."

Pachithunzipo panali mizere ya mpesa yobiriwira mpaka kuphiri, madengu osefukira, azungu ovala zipewa atanyamula matambula padzuwa.

Kareem anabwerako kumeneko chaka chatha. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anaseka pang'ono.

"Ine ndathyola mphesa zaka zinayi, vinyo osalawako ndi dontho lomwe. Ndithu ndikuuze, mu Juni ku Kepi sungapeze mphesa ngakhale imodzi. Timathyola mu Febuluwale ndi Malichi. Pano mitengo yangotsala ndodo, masamba onse pansi, mvula yozizira tsiku ndi tsiku. Ukuona ngati mphesa ndi chimanga, zokolola limodzi ndi ife kuno?"

Tikondwe anabwezera foni pachifuwa.

"Mwina famu yawo ndi ina."

"Famu ina, dzuwa linanso?" Kareem anatambasula dzanja. "Nanga iwowo ali pati pachithunzipa? Mawu awo unawamva liti?"

"Foni yawo inawonongeka polankhulira. Amangolemba."

"Kuyambira liti?"

"Malichi."

 Kareem anayamba kusanja sopo amene anali wosanja kale.

Tikondwe anatuluka pakhonde. Ankaoneka monga ankaonekera chaka cha maliro chija.

"Amayi, ababa akutinamiza?"

Lufina sanayang'ane chithunzicho. Anakanda chidendene chong'aluka.

"Munthu sangatumize chithunzi chakale? Senza chimangacho. Mzere wa kuchigayo sudikira mafunso ako."

Mtsikanayo anasenza thumba n'kuwoloka msewu, foni atayifinya m'manja.

Kareem anatuluka ndi mafoni awiri otsalawo, n'kutsitsa mawu.

"Amake Tiko, musandimve molakwa. Anzathu kumene kuja ndawaona. Munthu akayamba kutumiza zithunzi zopanda nkhope yake, ndiye kuti pali pamene wakhala. Mwina kuli mayi wina. Zithunzi ngati izi aliyense angathe kuzitola pa intaneti."

"Ndamva."

"Simukukwiya?"

"Ndikwiye nthawi yanji? Nandolo akundidikira kumunda."

Lufina anamulipira zotchajira, n'kugulanso kabandulo ka foni ya mnansi, monga mwa masiku onse. Kenaka anafunsa, mawu ake osakwera osatsika, ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Ndiye mu Juni amachita chiyani kumeneko?"

"Kudulira. Tsiku lonse ndi sizasi, manja mpaka kuchita ming'alu. Nthambi zodulazo timaotha."

"Nanga mu Julayi?"

"Chimodzimodzi. Masamba amayamba kuphuka cha mu Seputembala."

"Kudulira," anabwereza Lufina. "Mpaka Seputembala ayi. Mayeso atha pa folo Julayi."

Kareem sanamve bwino chimene ankatanthauza, ndipo kunabwera munthu wofuna palafini, choncho analowa.

Lufina anatsala yekha pakhonde. Kutsidya kwa msewu Tikondwe anali pamzere, atakhalira thumba, mutu uli pansi. Chigayo chinkalira. Lufina anaganiza za mbuzi zimene sanazimangirire, ndi za mchere umene unatha dzulo. Misozi inali isanabwerebe. Anayidikira mu Malichi, anayidikira mu Epulo, kenaka analeka kuyidikira.

Anamasula mpango uja. Anayatsa foni yosweka galasi, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, monga ankachitira Lachiwiri lililonse kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanangu, chithunzi chija n'chakale, ndinangofuna uone kukongola. Pano tikudulira, kukuzizira kwambiri. Limbikira mayeso. Ndine bambo ako."

Kutsidya kwa msewu Tikondwe anadzutsa mutu, anawerenga, n'kumwetulira. Lufina anazimitsa foniyo n'kuyikulunganso. Inabwera mu Malichi ndi dalaivala wa katundu wa ku Joni, pamodzi ndi jekete la a Julius ndi pepala losonyeza nambala ya manda awo.