Tianthu ta Mkuwa ta a Tierney

Lolemba m'mawa Getrude anawerenganso tianthu ta m'kabati, n'kupeza kuti kam'busa konyamula nkhosa paphewa kaja nakonso kasowa. Aka kanali kachitatu. Kanayamba ndi kamayi kopera pamphero, kenako kamsodzi, lero kam'busa. Mtima wake unawira.

Nyumbayo inali ku Swords m'dziko la Ireland, ya a Tierney, mphunzitsi wopuma ntchito amene sitiroko inawagoneka pabedi, maso nawo atachita khungu. Adakali ndi mphamvu anasonkhanitsa tiziboliboli ta mkuwa khumi ndi tiwiri ta ku Greece ndi ku Egypt, totalika ngati chikhatho. Sitinali ta mafumu kapena milungu ayi, koma ta anthu wamba ogwira ntchito zawo: wogulitsa nsomba, woimba chitoliro, nkhalamba yosenza dengu.

Owasamalira a Tierney anali awiri. Getrude ankagwira Lolemba mpaka Lachitatu, ndipo masiku otsalawo anali a Yande, mayi wa ku Lusaka wosayankhulayankhula, amene anali atakhala pamenepo zaka ziwiri. Orla, mwana wa a Tierney, anali atanena kale poyera kuti kuyambira mwezi wamawa atsala ndi mmodzi yekha. Kwa Getrude ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa ana ake awiri, ndipo sanali wokonzeka kuisiyira munthu amene ankamuda kuyambira tsiku loyamba.

Ankamuda chifukwa cha uve. Zaka ziwiri zathunthu mzimayi wamkulu n'kumadutsa pakabati tsiku ndi tsiku, tianthu tili biriwiri ngati poto wotayidwa kudzala, iye osachita nato manyazi! Getrude anakulira ku Ndirande, m'nyumba imene poto wosawala ankakubwezera kumpopi ndi khofi pamwamba. Choncho sabata iliyonse, a Tierney akagona masana, ankatenga kamodzi n'kukakwecha ndi waya wa mapoto, mandimu ndi mchere, mpaka kuwala ngati golide.

Apa ndi pamene wakubayo anadziulula. Tobiriwira tija sankatikhudza n'komwe. Ankadikira kuti mnzake atuluke thukuta, kanthu kawale, basi kapita. Getrude anakumbukiranso tsiku lina posinthana shifiti, Yande atamukokera pambali n'kunena kuti, "Ba Getrude, ivi vinthu visiyeni che, musavigwire."

"Ndiwe bwana wanga iwe?" Getrude anamudula. "Ntchito yakukanika, usandiphunzitse ine."

Tsopano zonse zinamveka. Munthu amaletsa anzake kuyandikira munda umene akufuna kukolola yekha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Getrude anafufuza nyumba yonse mobisa, chipinda ndi chipinda. Lachitatu anatipeza. Tinali pashelefu ya pamwamba m'kabati ya zofunda, kuseri kwa mabulangete, tonse titatu titakulungidwa mu sikafu yofiira ya Yande. Anaona kuti mbavayo ikungodikira tsiku labwino loti itulutse katundu wake pakhomo. Anabwezera zonse mmene anazipezera, n'kuimbira Orla kuti abwere mawa lake nthawi yosinthana shifiti.

Lachinayi Yande anafika atanyowa ndi mvula, n'kupeza Getrude ataima pakhonde la m'nyumba, manja m'chiuno.

"Lero masiku ako forty akwana, mbava iwe. Orla akubwera half eight."

Yande anasiya ambulera pansi. "Mwamuuza chani?"

"Zimene wabisa mu scarf yako."

"Ba Getrude, napapata," Yande anachonderera, "musamuonetse. Muli na bana imwe."

"Ana anga akukhudza chiyani? Ukundiopseza? Udziwa lero kuti si tonse tinabwera kuno kudzaba."

Galimoto inaima panja. Orla analowa ali ndi changu cha munthu wochedwa kuntchito, ndipo Getrude sanataye nthawi. Anafotokoza m'Chingerezi chake chabwino koposa, chija amasungira kubanki ndi kusukulu ya ana, kuti m'nyumba muno muli wakuba, ndipo umboni ulipo. Anakwera pampando, n'kutsitsa mtolo uja, n'kuuika patebulo mwaulemu ngati chopereka. Yande anangoima pakhomo atazolika, ndipo Getrude anasangalala kumuona choncho.

Orla anamasula sikafu. Tianthu titatu tija tinanyezimira pansi pa getsi. Nkhope yake inasintha. Ananyamula kamayi kopera kaja, n'kukatembenuza uku ndi uku, misozi ikulengeza.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi uyu," Getrude analoza Yande. "Sikafuyo ndi yake. Amasankha towala tokhatokha. Ine ndimavutika kutikwecha ndi manja angawa sabata ndi sabata, iye n'kumangodzatola."

Orla anamuyang'ana Getrude nthawi yaitali.

"Kubiriwira kuja si litsiro," anatero. "Ndi khungu la zaka zikwi ziwiri, ndipo likachoka silibweranso. Bambo anga akhala akuliteteza moyo wawo wonse. Mwati wakwecha ndinu?"

Getrude anatembenukira kwa Yande. Yande sanadzutse mutu.

"Nenze kubisa kuti Orla asavione," ananong'ona. "Kuti musachotsedwe nchito."