Mwini wa Miyendo Yakumbuyo

Chiyambire lamulo loti ng'ombe yamoyo izigulitsidwa pafoni mwendo umodziumodzi, Nangozo ankaweta ng'ombe yomwe miyendo yake yakumbuyo inali ya a Chikuse, bambo wa ku Lilongwe. Mkaka ndiwo unkalera ana ake.

Mitengo ya ng'ombe itagwa pamsika, a Chikuse anatulukira ndi chikwanje chatsopano.

"Mayi, ndadzatenga zanga."

"Yabereka dzana imeneyi, bambo. Musadutse pakati pa iyo ndi mwana wake."

Anadutsa pomwepo, nsapato zili mbee. Nyanga inawalowa m'ntchafu n'kuwamenyetsa kumtengo wa khola, magazi n'kusakanikirana ndi ndowe.

Nangozo anawakokera panja, nawamanga balalo ndi chitenje. Lamulo ankalidziwa: ng'ombe yovulaza munthu imawomberedwa tsiku lomwelo, pomwe munthu amangokagwira ndende miyezi itatu.

Anapukuta nyanga bwinobwino, nazula chikhomo chosongoka, nachiviika m'magazimo.

"Ndikawauza apolisi zoona, yandibaya ndi ng'ombeyo," anabuula a Chikuse.

"Pepanitu bambo." Anawamenya nacho pakamwa, mano awiri n'kugwa, kenaka anakuwira alamu ake kuseri kwa mpanda.

"Alamu! Muzikama kawiri patsiku, ana asagone ndi njala. Itanani apolisi, muwauze kuti ndabaya munthu."