Kapu ya Fumie

"Woyera ngati mkakawu ndi wa ana," anatero Tadao, akukankhira kapu kwa mkazi wake. "Tathira wotenthawo, iwe."

Fumie sanakhudze botolo. Chikwatiwireni wakhala akuthirira mwamuna wake sake, mowa wampunga, poti munthu sadzithirira yekha pagulu. Koma kapu ya Fumieyo sinanyowepo. Lero, pamalo ofululira mowa ku Niigata, anali atatsimikiza mumtima: mwamunayu akapanda kumuthirira, apita kukakhala kwa mchemwali wake ku Sendai.

Mwinimalo, Mayi Kuwabara, anali atandandalika mitundu yonse. Panali wozizira wonunkhira ngati vwende. Panali wokhalitsa, wofiirira. Wotentha unali m'kabotolo kadothi.

"Wagontha kodi?" Tadao anagwedeza kapu. "Ukuzizira uwu."

"Manja atopa, bambo."

"Atopa ndi chiyani? Wangokhala m'sitima."

Tadao anayang'ana kapu youma ya mkazi wake. Anayang'ana kabotolo kaja, n'kukanyamula. Fumie anakweza kapu yake ndi manja awiri monga mwa mwambo.

Tadao anadzithirira yekha.

Mayi Kuwabara anatsokomola. Anatenga wozizira uja n'kudzaza kapu imene inali m'malereyo. Fumie anamwa pang'onopang'ono. Unali wotsekemera, kenaka wowawira kukhosi.

"Kodi umamwa?" Tadao anaseka. "Bwanji osanena zaka zonsezi?"

"Ndithirireninso, mayi," anatero Fumie. "Ndipo sitima ya ku Sendai imanyamuka nthawi yanji?"