Mboni Zisanu za a Kaundula

A Kaundula anatseka buku, nayang'ana kudenga, n'kudzifunsa funso la masiku onse: wapha munthu ndani?

Zii. M'mutu munalibe kanthu.

Nkhaniyo anali atangoimaliza kumene, tiyi asanazizire n'komwe. Ankakumbukira kuti munali wofufuza milandu wonyada, mtembo m'chipinda chokhoma, ndi wantchito wa m'nyumba wa maso akuba. Koma zimenezi zinalinso m'nkhani ya dzulo, mwinanso ya dzana. Nkhani khumi ndi ziwiri, zimene pachikuto anazitama kuti ndi zakale zosaiwalika, zonse zinangodutsa ngati madzi m'dengu.

Mantha anawagwira zenizeni. Iwowa, munthu amene analemba milandu kukhoti zaka makumi atatu! Dzina la Kaundula sanachite kugula ayi. Oweruza akasowa fayilo ankangoitana iwo, iwo n'kutchula tsiku, mboni ndi chigamulo, osaphonya ndi pamodzi pomwe.

Komatu akulu awo anayambanso chonchi. Lero makiyi, mawa dzina la mdzukulu. Mapeto ake anapatsa mkazi wawo mpando, n'kumufunsa mwaulemu kuti wadzaona ndani.

Wotchi ya pakhoma inkathamangira teni koloko, nthawi imene mwana wawo wamkazi anati abwera kudzawatenga kupita nawo kwa dokotala. “Kungoyezetsa basi, bambo,” ndi mmene ananenera pafoni. Kungoyezetsa kwake kuti? A Kaundula si mwana. Anamva kuti kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mkamwini wawo akapaka kale penti. Dokotala akangogwedeza mutu, basi, nyumba ino aisiya, pamodzi ndi mpando wawo uwu ndi makina osokera a malemu akazi awo, amene ankawapukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Anayesanso. Anatsinzina zolimba, nafunafuna dzina limodzi lokha la m'nkhani ija. Koma dzina silinabwere.

Anaganiza zongolibweza bukulo kulaibulale kumene ayenera kuti analibwereka, lisawazunzenso. Analitembenuza kuti aone tsiku lobweza. Panalibe chidindo, panalibe kapepala. Malaibulale a masiku ano, ntchito yake yongogwira bola kwacha.

Pofufuza chomwecho ndi pomwe anafika pa tsamba lomaliza, lija losasindikizidwa kanthu. Panali zolemba za pensulo, mizere isanu, wina pansi pa unzake.

“Ndamaliza. Palibe ndi imodzi yomwe yanditsalira m'mutu.”

“Inenso chimodzimodzi. Nkhani zopanda mchere.”

“Ndimaopa kuti ndi mutu wanga. Zikomo anzanga, kani vuto ndi bukuli.”

“Wolemba ameneyu akanangopita kokalima.”

“Ndikugwirizana nawo onsewa.”

A Kaundula anawerenga kawiri. Kenaka anaseka, kuseka kotulutsa misozi, mpaka kutsokomola. Kani mutu wawo uli bwinobwino! Owerenga asanu, anthu osadziwana, onse agwa m'dzenje lomwelo. Ndipo ankaoneka kuti ndi anthu a sukulu zawo, olemba mwaudongo, osati zopalasa nkhuku za ana a masiku ano. Kukhoti mboni ziwiri zimakwana kumasula munthu. Apa zinalipo zisanu.

Anasolola pensulo m'thumba la malaya, momwe inkakhala chipumireni pa ntchito, nainyowetsa kunsonga ndi lilime. Pansi pa mzere wachisanu analemba wawo: “Mlandu watha. Wolakwa ndi bukuli.”

Atamva galimoto panja anakonza kolala, nakhala mowongoka ngati woweruza.

Mwana wawo analowa makiyi ali m'manja. Maso ake anayamba apita pa chitofu, kuona ngati chazimitsidwa, kenaka kwa bambo ake.

“Mwadzuka bwanji, bambo? Mwakonzeka?”

“Ndadzuka bwino kuposa iwe. Ndipo kwa dokotala wakoyo sindipita.”

“Bambo, tinagwirizana kale.”

“Tinagwirizana umboni usanapezeke. Khala pansi, mayi. Iwe ndi mwamuna wako mwandiweruza osamva mbali yanga, chifukwa choti ndimaiwala nkhani za m'buku. Nanenso ndinayamba kuopa, sindikubisira. Sabata yonseyi mtima wanga sunakhale m'malo. Koma taona apa.”

Anamupatsa bukulo atatsegula pa tsamba lija, chala chili pa mzere woyamba.

“Anthu asanu analibwereka ine ndisanalibwereke. Onse anaiwala. Kodi onsewa ukawapakira penti kachipinda?”

Mwanayo anawerenga. Anatenga nthawi yaitali kuposa imene mizere isanu ndi umodzi imafuna. Sanaseke. Anaika makiyi patebulo pang'onopang'ono, nagwada pafupi ndi mpando, n'kugwira dzanja la bambo ake, lija linali ndi pensulo.

“Bwanji, wasowa chonena?” anafunsa a Kaundula, koma mawu awo anatuluka opyapyala.

“Bambo, bukuli si la kulaibulale. Ndinakugulirani ine pa tsiku lanu lobadwa, ndipo silinatulukepo m'nyumba muno.”

A Kaundula anayang'ananso pa tsambalo. Mizere yonse isanu ndi umodzi inali ya dzanja limodzi, dzanja laudongo la mlembi wa kukhoti.

“Mwezi watha munandionetsanso,” anatero mwanayo motsitsa mawu. “Mboni zinali zitatu.”